Kapu ya a Lazaro ku Nchalo

Namitete, 9 Okutobala 2023

Mwana wanga Mayamiko,

Ndikulonjera iwe, apongozi anga a Loyce, ndi abambo ako. Kuno ndadzuka, mawondo okha. Lero akwana masiku makumi awiri ndi atatu chichokereni abambo ako pakhomo pano, ndipo kalata yochokera ku Nchaloko ndalandira imodzi yokha, ya mizere isanu ndi umodzi. Mizere isanu ndi umodzi, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kulemba chimangirizo! Usandiuze za foni. Ukudziwa kuti makutu angawa anatha, pafoni ndimangomva ngati njuchi zalowa m'chitini. A Ignatius amadutsa pano ndi lole ya shuga kawiri pa sabata, pepala silingawalemere.

Nazale ya fodya ili bwino. Mabedi atatu, makeni khumi ndi awiri m'mawa, khumi ndi awiri madzulo. Ndimaimirira pomwepo a Gibson, antchito athu, akamathirira, chifukwa ndikatembenuka makeniwo amasanduka asanu ndi anayi. Mvula sinadonthe. M'chitini changa choyezera mvula muli fumbi ndi kangaude.

Ndinavomera kuti uwatenge abambo ako chifukwa ntchito yako kuchipatalako ndi yomweyo yodzutsa miyendo ya anthu ogwidwa sitiroko, ndipo ine ndekha sindikanatha. Koma a Ignatius akuti kumeneko phula likufewa mumsewu. Kuno kumtunda tikulira kale ndi dzuwa, nanga kuchigwako? Unandiuza kuti nyumba mukuchita lendiyo ili ndi makina oziziritsa. Undiyankhe izi motsata nambala:

1. Makinawo akugwira ntchito maola angati pa tsiku?
2. Abambo ako akuyenda mapazi angati osagwiriridwa?
3. Akudya? Akumwa madzi?
4. Jekete akuvula?

Ndine mayi ako,
Febe Nankhoma


Nchalo, 13 Okutobala 2023

Amayi okondedwa,

Moni wa kuno. Tonse tilipo, kungoti tikupsa ngati mbatata za m'phulusa. Mayeso anu a masamu aja ndalandira, ndipo ndiyankha motsata nambala kuopa chikwapu.

1. Eyakoni ilipo, koma ndi nkhalamba kuposa abambo. Tikaiyatsa imalira ngati chigayo, imaziziritsa ola limodzi, kenako imangopuma mpweya wofunda ndi kudontheza madzi pakhoma. Eni nyumba ndawauza katatu. Akuti gasi anatha, mmisiri ali ku Blantyre, abwera. Ife tili pamwamba pa sitolo, malata ali pamutu penipeni, ndiye masana choyezera kutentha chimafika 39 m'nyumba muno, panja 44. Tachita zomwe tingathe. Makinawo ali pabalaza pokha, choncho tasonkhanitsa zonse pamenepo. Mpando wa abambo tauika kunsi kwake. Loyce wachotsa makina ake osokera pakhonde la pansi pamene ankasokera, wawakweza pabalaza kuti azisoka akuyang'anira odwala. Katani yotchinga kanjira ka kuzipinda ndachotsa, ndipo zitseko sititseka, kuti kamphepo kazifika paliponse. M'mazenera timapachika zitenje zonyowa.

2. Mapazi makumi atatu, ndi ndodo. Anabwera akuyenda asanu ndi awiri okha. Masitepe otsikira pansi sangathe, alipo khumi ndi asanu ndi awiri. Mundipatse miyezi ina iwiri, adzafika kumudzi akuyenda okha.

3. Akudya bwino, nsomba za makakana za mu Shire azikonda. Madzi ndiye akukana. Akuti a kuno ndi amchere. Ndagula a m'botolo, akuti akununkha pulasitiki.

4. Jekete! Amuna anu mumawadziwa. Tayi ndinawalanda tsiku lachitatu, koma jekete akuti mkulu wa mpingo sakhala ndi malaya okha pamaso pa mpongozi wake. Loyce anawauza kuti, "Bambo, ine sindiona kanthu, maso ali pa singano." Iwo anayankha akuyang'ana kukhoma, "Zikomo mayi, ndili bwino, muno mukuzizira." Thukuta lili chuchuchu.

Musade nkhawa. Mmisiri akangobwera zonse zikhala bwino.

Mwana wanu,
Mayamiko


Namitete, 17 Okutobala 2023

Apongozi anga a Loyce,

Ndikulonjerani ndi ulemu, ndipo ndikuthokozani posunga odwala anga m'nyumba mwanu. Ndalembera inu chifukwa ndinu mumakhala nawo tsiku lonse. Mayamiko amachoka m'mawa, ndipo mayankho ake muli nthabwala zambiri kuposa manambala.

Yankho lachitatu silinandikhalire bwino. Abambo anu ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Amamwa makapu asanu ndi awiri pa tsiku, ngakhale mu Juni. Anamwapo madzi a padambo, ofiira ngati tiyi, osadandaula. Za mcherezo sindikuzimvetsa.

Ndatumiza kapu yawo yachitsulo, ya mkombero wabuluu, ndi pepala limene ndalemba mizere. Muzilemba tsiku lililonse kwa masiku khumi ndi awiri: makapu amene amwa ndi maola amene makina agwira ntchito. Mundijambulirenso nyumbayo kuseri kwa pepalalo, ndi mapazi ake kuchoka pampando wawo kukafika pakhomo lililonse. Musalembe zongoganizira. Tsiku lina mukaiwala musiye malo, chifukwa nambala yabodza ndi yoipa kuposa malo opanda kanthu.

Ndine apongozi anu,
Febe Nankhoma


Nchalo, 30 Okutobala 2023

Amayi,

Moni. Tili moyo. Pepala lanu ndi ili, ndalemba monga munanenera, sindinasiye malo.

Lachinayi 6, Lachisanu 2, Loweruka 1, Lamulungu 5, Lolemba 1, Lachiwiri 6, Lachitatu 1, Lachinayi 6, Lachisanu 1, Loweruka 2, Lamulungu 5, Lolemba 1. Masiku amene ndachokapo ndimawasiyira jagi ya makapu asanu ndi atatu, ndikabwera ndimayeza otsala. Makina akugwira maola awiri kapena atatu, magetsi akakhalapo. Mmisiri anabwera, anathira gasi, kunazizira masiku awiri, gasiyo anathawanso. Chithunzi cha nyumba chili kuseri.

Amayi, ndilankhule ngati mwana wanu. Pepala lija litafika ndinalira. Ndinaona ngati mwamva kuti abambo ndikuwamana madzi. Ine ndinakulira m'tauni ku Zomba, mwina ulemu wa kwanuko sindiudziwa wonse, koma powapatsa kapu ndimagwada. Zitenje ndimanyowetsa kasanu pa tsiku. Ndawaphikira thobwa, ndawafinyira malambe, madzi ena ndaika mufuriji, ena mumtsuko. Amalandira ndi manja awiri, amati, "Zikomo mayi, ndizimwa pang'onopang'ono," kenako kapu imakhala pansi pa mpando mpaka madziwo afunde.

Koma manambala anuwa andionetsa chimene sindinkafuna kuona. Lachinayi ndimakhala ku Mvano ndi amayi anzanga. Lamulungu kutchalitchi. Lachiwiri lija ndinakapereka mayunifolomu ku Ngabu. Ndiye kuti abambo amamwa ine ndikachoka. Madzi a m'manja mwanga ndi amene sakuwafuna. Ngati ndinawalakwira, mundiuze ndipepese. Ngati akundiganizira zoipa, Mulungu ndiye mboni yanga.

Milomo yawo yayamba kung'aluka, ndipo dzulo anaitana Mayamiko ndi dzina la mchimwene wawo amene anamwalira kalekale. Ndawauza amayi a Mvano kuti andikhululukire mwezi uno. Sindichokanso pakhomo. Ndikhala pambali pawo mpaka andizolowere.

Ine mpongozi wanu,
Loyce


Namitete, 2 Novembala 2023
(Pa envulopu: Atsegule Mayamiko yekha)

Mayamiko,

Moni wanga ndi wachidule lero, a Ignatius akudikira pamsewu injini ikulira. Uwerenge uli wekha.

Ndayala pepala la apongozi patebulo. Makapu onse ndi 37 pa masiku 12. Masiku asanu amene iwo anachokapo, makapu 28. Masiku asanu ndi awiri amene analipo, makapu 9. Mpaka pamenepo awerenga bwino. Yankho ndi limene alakwitsa, ndipo si mlandu wawo.

Tembenuza pepalalo uone chithunzi. Kuchoka pampando wa abambo ako kufika kuchimbudzi ndi mapazi asanu ndi limodzi. Kuchoka pamakina osokera kufika pakhomo la chimbudzi lomwelo ndi mapazi anayi. Katani unachotsa. Zitseko simutseka. Pansi sangatsike.

Mwana wanga, unaphunzira za mafupa ndi mitsempha, koma abambo ako sukuwadziwa. Munthu amene akukana kuvula jekete pamaso pa mpongozi wake, angadzuke ndi ndodo mpongoziyo akuona, n'kukalowa mmenemo mpongoziyo akumva? Pamsinkhu wawo akamwa kapu imodzi amapitako kawiri. Ndiye awerenga masamu awo: ndikapanda kumwa, sindipita. Madzi si amchere. Apongozi sakudedwa. Ndi manyazi.

Ndikudziwa chifukwa ndinazionapo. Mu 1984, tikuphunzitsa ku Nsaru, amayi anga anabwera kudzandidikirira iwe uli m'mimba. Anakhala masabata asanu. Chimbudzi chathu chinali kuseri kwa khitchini kumene amayi ankakhala tsiku lonse. Masabata asanu onsewo abambo ako ankapita kuchimbudzi cha sukulu, mapazi mazana anayi ndi makumi awiri, mvula ikugwa. Nthawi imeneyo anali ndi miyendo.

Izi sindingalembere apongozi. Si nkhani yoti mkazi auze mpongozi wake za mwamuna wake. Sindingapitenso nazo kwa a Sara oyandikana nafe kuti azilembe pafoni yawo, chifukwa mawa lake zikhala zili pachigayo. Ndiye ndalembera iwe. Bwezera katani ija lero lomwe. Makina osokera abwerere pansi. Nyumba itenthe ngati itenthe. Ndipo apongozi asasiye Mvano. Akakhala pambali pawo tsiku lonse monga alemberamu, abambo ako samwa ndi kapu imodzi yomwe.

Iwowo usawafunse. Akana, kenako apempha kubwerera kumudzi miyendo isanachire.

Mayi ako


Namitete, 9 Novembala 2023

Mayamiko,

Ndikulonjera. A Sara abwera m'mawa uno foni ili m'manja, ndipo andilembera papepala mawu asanu ndi awiri: "Abambo agonekedwa. Ali pa diripi. Akuti musabwere." Ndawawerenga kangapo, sakuchuluka.

A Ignatius akulumbira kuti kalata yanga anaipereka m'manja mwa apongozi Lachisanu pa 3. Lero ndi pa 9. Unaiwerenga? Ngati unaiwerenga, unachitapo chiyani?

Chikwama ndamanga, chili pakhomo. Akuti ndisabwere. Ndawamvera zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndiwamveranso masiku atatu okha.

Mvula yoyamba yagwa dzulo, mamilimita 11. Uwauze pafupi ndi khutu. Mwina akamva afuna kudzaona fodya wawo m'munda.

Mayi ako


Nchalo, 11 Novembala 2023

Amayi,

Moni. Choyamba: ali moyo, akulankhula, andizindikira. Masulani chikwamacho, kutentha kwa kuno kungatigonekere awiri. Adokotala akuti impso zinatsala pang'ono kuima chifukwa thupi linauma. Mabotolo a diripi alowa asanu ndi anayi. Ndawerenga chifukwa ndikudziwa kuti mufunsa.

Kalata yanu ija ndaiwerenga Lachinayi pa 9. Ndinapita ku Blantyre ku maphunziro a sabata imodzi Lachisanu m'mawa, lole ya a Ignatius inafika masana. Za ulendowo sindinakuuzeni, ndinkati ndi nkhani yaing'ono. Loyce ataona mawu a paenvulopu anaiika pamwamba pa furiji osatsegula. Anandiuza pafoni, ine ndinati, "Ndi mayeso ena a masamu amenewo, ndidzawerenga ndikabwera." Mawu amenewo ndi anga, amayi, si a Loyce.

Masiku asanu kalata ili pafuriji, mapazi atatu kuchoka pamene abambo amakhala. Eyakoni inali itafa. Loyce anali pambali pawo ndi kapu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuwanyengerera ngati mwana. Lachitatu masana anagwa pampando, jekete ili m'thupi. Anawatsitsa masitepe ndi amuna a m'sitolo ya pansi.

Nditawerenga ndinakhala pamasitepe omwewo nthawi yaitali. Katani ndinachotsa ndine, ndikunyadira nzeru zanga za mphepo. Ine amene ndimaphunzitsa anthu kusamalira odwala awo.

Lamulo lanu limodzi ndaphwanya: kalatayo ndamuonetsa Loyce. Sindikanatha kumusiya akuganiza kuti abambo amamuda. Wawerenga kawiri, wabisa nkhope m'chitenje, kenako wati, "Bola akanangonditukwana, kusiyana n'kundilemekeza mpaka kufa."

Eni nyumba akuti makina atsopano ndi chaka chamawa. Nyumba ina yapansi sindinaipeze. Ndikuganiza zongowauza abambo maso ndi maso kuti izi ndi zachikale, moyo ndiye woyamba.

Mwana wanu,
Mayamiko


Nchalo, 20 Novembala 2023

Amayi,

Moni wochuluka. Pepani kuti ndinakuganizirani molakwa. Abambo anatuluka m'chipatala Lachiwiri. Adokotala alamula makapu asanu ndi atatu pa tsiku, osachepera.

Zowauza maso ndi maso zija ndamukaniza Mayamiko. Ndinati, "Inu, munthu anasankha kuuma kusiyana ndi kunena, ndiye mukamuuze kuti tonse tadziwa? Mukufuna akwere lole ya a Ignatius mawa lomwe, miyendo ili theka?" Anazisiya.

Katani tabwezera. Koma makina osokera sindingawatsitse, adokotala akuti asamakhale okha nthawi yaitali, angagwenso. Ndiye ndikuchita chonchi. Ndimaika jagi ndi kapu yawo pafupi, ndimatenga dengu, n'kunena mokweza kuti, "Bambo, ndapita kumsika, ndaiwala tomato." Ndimatseka chitseko mwamphamvu, ndimatsika ndikuponda kuti amve. Kenako ndimakhala kunsi kwa masitepe mphindi makumi awiri. Pamenepo ndimamva ndodo ikugogoda pamwamba panga, ndimadziwa kuti ali chilili, sanagwe. Ikabwerera kumpando ndimadikira pang'ono n'kukwera. Kasanu pa tsiku. Tomato ndaiwala, anyezi ndaiwala, ulusi, mchere, machesi. Amayi a m'sitolo ayamba kundiseka, akuti, "Mayi telala, kodi mwathamangitsidwa m'nyumba, eti?" Ine ndimati ndikupumitsa maso. Kunsi kwa masitepe kumatentha ngati pamoto, koma ndi mphindi makumi awiri.

Manambala ndi awa: Lachitatu 7, Lachinayi 9, Lachisanu 8, Loweruka 8, Lamulungu 8. Lero afika kale asanu, dzuwa lisanapendeke. Akuyenda mapazi makumi anayi ndi asanu. Eyakoni idakali chimodzimodzi, ola limodzi kenako kudontha. Taika beseni.

Sakudziwa kanthu. Akungoona kuti mpongozi wawo ndi woiwalaiwala. Chonde zikhale choncho.

Ine mwana wanu,
Loyce


Nchalo, 26 Novembala 2023

Anankhoma,

Ndikulonjerani. Ndalemba ndi dzanja lamanzere, musandichotsere malikisi. Ndili bwino. Za mvula ndamva. Muwauze a Gibson asapanikize mbande powoka.

Kapu yanga itafika kuno ndinadziwa kuti mwayamba kuwerenga. Ndinangoti, kaya mayiwa afika pati.

Pali nkhani imodzi, ikhale ya ife awiri. Mpongozi wathu amapita kumsika kasanu pa tsiku. Ine ndakhala ndi mphunzitsi wa masamu zaka zonsezi, ndiye nanenso ndinawerenga. Mayamiko akuti kumsika ndi mphindi khumi ndi zisanu kupita kokha. Mpongoziyu amabwerako pa mphindi makumi awiri. Dengu limapita lopanda kanthu, limabwera lopanda kanthu. Lachisanu ndinafika pazenera ndi ndodo yanga. Ndinaona mapazi ake kunsi kwa masitepe, dengu lili pambali, akudzikupiza ndi chidutswa cha katoni. Dzuwa la kuno simukulidziwa, Anankhoma. Ndi mbuzi zomwe zimabisala.

Ndinabwerera pampando. Sindinanene kanthu, ndipo sindinena. Ndimangomwa msanga, kuchita zanga msanga, n'kugogoda ndodo mwamphamvu pobwerera, kuti mwana wa eni ake akwere.

Dzulo ndinavula jekete. Mpongozi anaiona pampando, anaipachika pamsomali.

M'chipinda chathu muli mtedza wa chalimbana uja tinasunga wa mbewu. Mutapeko, mupatse a Ignatius. Ife tidzala wotsalayo. Dengu limenelo lilowemo kanthu.

Ndine wanu,
Lazaro


Namitete, 29 Novembala 2023

Mwana wanga Loyce,

Ndikulonjerani nonse. Mvula yagwa katatu, mamilimita 64 pamodzi. Fodya tawoka mizere 52, yatsala 18. Pepala lina la mizere sinditumiza. Lekani kulemba manambala, ndakhutira.

A Ignatius akupatsani thumba la mtedza. Alamula ndi abambo anu, musawafunse chifukwa. Ndaikamonso chipewa changa cha mlaza, chija ndimavala kumunda. Ndamva kuti kumsika kwanuko kuli dzuwa.

Pokweza thumbalo a Ignatius anafunsa kuti ndi ndowa zingati, kuti alembe pakabuku kawo. Ndawauza kuti sindinayeze. Anandiyang'ana ngati ndadwala.

Ndine mayi wanu,
Febe